Wosiyidwa pa Chigongono

Esinala anaona chala cha mwamuna wake. Anthu onse kuseri kwa chipatala kuja anali duu, amayi ake a Esinala atadziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo mwamuna wakeyo, Yotamu, anali atangomaliza kumangirira mtembo pa kaliyala ndi malegeni. Kenako anawerama n'kukanikiza tayala lakumbuyo ndi chala chachikulu, monga ankachitira m'mawa uliwonse popita kokayesa miyendo yake. Maso ake sanali pa mphasa yokulungira malemu. Anali kuphiri.

M'mphasamo munali Zefaniya, mlongo wake wa Esinala, amene chifuwa chinamumaliza m'bandakucha wa tsiku limenelo. Galimoto yoti iwakwezere maliro kwawo kwa Chimpuza inasowa, ndiye panatsala njinga. Njingayonso inali ya malemuwo kale. Anaipereka kwa mlamu wawo chaka chomwe Yotamu anabwera kudzalowa chikamwini ali chimanjamanja, kuti aziyendetsa kabaza.

Inu amene mumadutsa msewu umenewu muli m'minibasi mumangoona kukongola kwa mapiri. Funsani wa njinga. Ukangowoloka mlatho wa Mwanje msewu umayamba kudzuka. Pa Mkuyu umakhala ukadali ndi nthabwala m'kamwa. Pa Makala, pomwe ogulitsa makala amatula matumba kuti apume, malaya amakhala atamatirira kumsana. Ndiye pamabwera pa Chigongono, pomwe msewu umapindika ngati mkono n'kuimirira, mbali imodzi thanthwe, mbali inayo phompho. Pamenepo aliyense amatsika n'kumakankha. Yotamu yekha ndiye sankatsika.

N'chifukwa chake anyamata ena a m'tauni anamuona. Ankabwera Loweruka ndi njinga zawo za matayala owonda, atavala zothina ngati achule, kudzalimbana ndi chikwezacho. Mkulu wawo, a Kandulu, anabwereka Yotamu njinga imodzi yopepuka pamodzi ndi nsapato zake zomwe zimakola pa mapedulo. Anamuuza kuti akadzafika pa nsanja ya mafoni pamwamba paja patsogolo pa anyamata onse, adzamutenga kutauni kuti azikapalasa m'mipikisano. Tsiku lake linali Loweruka lino. Zefaniya anamwalira Lachisanu.

Malume ake a Esinala, a Dizimoni, anagwira chiwongolero asananyamuke.

"Akamwini, mayendedwe ake mukuwadziwa. Maliro sitipalasa, timakankha. Mwini wake akubwera m'mbuyo wapansi, ndipo njira saidziwanso. Amatsata njinga yomwe yanyamula thupi lake, amamva mawu a woikankha. Paliponse pamene mwafika muziwauza. Osatembenuka."

"Ndamva, malume."

Poyamba anachitadi bwino. "Alamu, tatuluka pachipatala." Anayenda. "Alamu, tadutsa pamsika." Amayi ochepa amene anaperekeza ankalira motsitsa, ndipo pansi pa kulirako Esinala ankamva mapazi ena kumbuyo kwa onse, opanda nsapato, okwekwereza pang'ono. Sanachite mantha. Ankawadziwa mayendedwe a mlongo wake.

"Alamu, tafika pa mlatho wa Mwanje, tiyeni tiwoloke."

Atawoloka, Yotamu anayang'ana mitambo. Nkhungu inali ikutsika m'phiri ndi kamvula kake kowaza.

"Mayendedwe awa tifika mawa," anatero. "Ndingotsogolako pang'ono, thupi lingatinyowere."

A Dizimoni asanayankhe, phazi linali kale pa pedulo. Anaimirira, njinga inapendekera uku ndi uku, mphasa ija n'kumagwedezeka kumbuyo. Patapita kanthawi mawu ake anamveka patali: "Alamu, pa Mkuyu." Kenako kulira kwa tcheni basi. Kenako zii.

Otsalawo anakwera wapansi. Atadutsa pa Mkuyu, Esinala anamva ngati waiwala chinthu. Anafunyulula chitenje, anayang'ana dengu la mbale za kuchipatala, zonse zinalipo. Anafika pa Makala asanazindikire chimene chinasowa. Kumbuyo kwawo kunalibenso mapazi.

Kumudzi anapeza thupi litalowetsedwa kale m'nyumba, masamba ataikidwa pamsewu, amuna akukhoma bokosi pansi pa mtengo wa mapeyala. Zonse zinkaoneka za m'malo mwake, kupatula tinthu ting'onoting'ono. Galu wa Zefaniya anakana kulowa pabwalo. Anakakhala m'mbali mwa msewu atayang'ana kumunsi, osauwa, osadya. Amayi amene anasambitsa thupi anatuluka akuyang'anana. Mmodzi anangoti, "Ngati tasambitsa mtolo wa mapesi," mnzake n'kumutsina. Ndipo amayi ake a Esinala atamasula jumbo lomwe anaikamo nsapato za mwana wawo, analipeza lomanga bwinobwino monga analimangira kuchipatala, koma m'kati mulibe kanthu.

Dzuwa litapendeka kunafika wogulitsa makala wina, wopanda thumba, milomo itachita mbuu. Anakhala pansi pambali pa a Dizimoni n'kupepesa maliro, kenako anafunsa madzi.

"Pa Mkuyu pali munthu," anatero atamwa. "Waima kuseri kwa mtengo, nkhope wayang'anitsa ku tsinde. Wandifunsa njira ya kwa Chimpuza. Ndamulozera. Wafunsanso. Ndamuuza kuti tiyeni tiyendere limodzi, iye akuti mawu anga sakuwamva bwino, akudikira a kwawo. Anzanga pa Makala athawa onse."

A Dizimoni anaitanitsa Yotamu.

"Akamwini, munawatchulira malo onse?"

"Onse, malume. Mpaka pakhomo pano."

"Pa Chigongono?"

"Ndinatchula. Wa makalayu wangokumana ndi woledzera."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, koma mkamwini sumutcha wabodza pamaso pa anthu pa tsiku la maliro. Anangoti mawa dzuwa likakwera aika, ndipo munthu amene thupi lake lakwiriridwa iye ali panjira, pakhomo sadzapapezanso.

Esinala anali munthu womva zambiri kuposa zomwe ankanena. Popita kukatunga madzi anadzera kuseri kwa nkhokwe, ndipo kumeneko anamva mwamuna wake akunong'oneza mnzake wa kabaza, mawu akusefukira chimwemwe.

"Sindinaponde pansi, amwene. Kuchokera pa mlatho mpaka pa nsanja. Ndi munthu wathunthu kumbuyo. Nanga mawa ndi kanjinga kopanda kanthu kaja, atauniwo adzandionera kuti?"

Anamupeza m'nyumba mwawo akudzoza mafuta tcheni cha njinga yobwereka ija. Anatseka chitseko.

"Bambo, pa Chigongono munali ndi mpweya woyankhulira?"

Yotamu sanadzutse mutu. "Wayamba."

"Ndakuperekezanipo kangati pamenepaja? Mumafika pamwamba malovu akuchucha, ngakhale moni simuyankha. Lero ndi katundu ndiye munayankhula?"

"Alamu anga akwera chikweza chimenechi ndi matumba a mbatatesi kuyambira ali mnyamata. Asokere lero?"

"Tengani njinga mukawatenge. Kukadali kowala."

"Nditsike phiri, ndikwerenso ndikukankha, mawa ndidzuke miyendo ili ngati phala? Iwe, miyendo iyi mawa ikutichotsa pamudzi pa amalume ako pano. Ndatopa kufunsa chilolezo chodulira nthochi."

"Ndi achimwene anga."

"Anali." Anapukuta manja pa nsanza, n'kumwetulira pang'ono. "Koma ndiwayamike. Chifuwa chinawadya, komabe ankalemera ndithu bwino. Andikonza miyendo kuposa thumba la mchenga."

Esinala anamuyang'ana. Anafuna kuti mwina aone manyazi akubwera pambuyo pa mawuwo, koma Yotamu anali atabwerera kale ku tcheni chake, akuimba kamluzu kotsitsa kuti olira panja asamve.

Esinala anatuluka, n'kutenga njinga yakale ija pomwe inatsamira pakhonde. Malegeni anali akadali lende pa kaliyala. A Dizimoni anamuona akudutsa, anadzuka mwa ukalamba wawo n'kumutsatira mpaka pa masamba.

"Mwana wa mlongo wanga, masiku onsewa wagona pasimenti kuchipatala, sunadye. Uikwanitsa?"

"Nanga apite ndani, malume?"

Mkuluyo anayang'ana mawondo ake otupa. "Usatembenuke," anatero. "Ndipo usamulonjeze chimene sichidzachitika."

Esinala anatsika akukankha, mabuleki akulira ngati kamwana. Nkhungu inali itatseka phompho, moti msewu unkaoneka ngati ukuyandama. Pa Makala matumba anali ataima okhaokha m'mbali mwa msewu, lina litagwa, makala ali mbwee pa phula. Sanakumane ndi galimoto ngakhale imodzi. Mbalame nazonso zinali zitasiya kulira.

Pa Mkuyu panali fungo la sopo wa kuchipatala. Esinala anaona mthunzi wina kuseri kwa tsinde, wotalika kuposa chitsa chomwe ankachidziwa pamenepo, ndipo anatsitsa maso msanga. Anatembenuza njinga kuti iyang'ane kumtunda, iye n'kufulatira mtengo.

"Achimwene, ndine Esinala. Ndabwera kudzakutengani. Pano ndi pa Mkuyu. Tiyeni kwathu."

Kenako masamba ouma anaphwanyika, ndipo pa phula panamveka nsapato. Go. Go. Zinaima kumbuyo kwake, pafupi kwambiri.

Anayamba kukankha. Nsapato zinatsatira, ndipo mtima wake unakhala pansi pang'ono. Koma sizinapite patali. Zinayamba kukwekwereza, kenako kunabwera chifuwa chija, chouma, chomwe anachimvera usiku wambiri atakhala pambali pa bedi. Nsapato zinasiya. Kaliyala analira, njinga inatitimira kumbuyo, chiwongolero chinafuna kudzuka m'manja mwake.

"Mwatopa, achimwene? Mwaima tsiku lonse. Khalani, palibe kanthu."

Anakankha. Munthu wodwala salemera chomwecho. Anatsamiza chifuwa pa chiwongolero, zala zakumapazi zikukanda phula m'mapatapata.

"Achimwene, tadutsa pa kasupe."

Atangotero anamva chinthu chachilendo. Mpweya umene unatuluka ndi mawuwo sunabwerere. Anakoka wina, koma unangofika pakhosi. Kumbuyo kwake, chifuwa chija chinapuma mofewa, ngati munthu amene wamwa madzi.

"Pa Makala, achimwene."

Unachokanso wina. Maso anayamba kuona tinyenyezi. Anaganiza zongoyenda osayankhula, koma atangodutsa mtengo umodzi ali chete, njinga inakana kusuntha ngati yamera mizu, ndipo chinachake chozizira chinamukhudza paphewa, mofatsa, monga Zefaniya ankamukhudzira ali ana akafuna kuti amuuze chimene chalembedwa pa chikwangwani.

"Pa mtengo wa masuku," ananong'ona. Njinga inayenda.

Pofika pa Chigongono kunali kukuchita mdima. Msewu unaima patsogolo pake ngati khoma. Anakankha, njinga inabwerera m'mbuyo, pedulo linamusenda pamsongolo. Anakankhanso n'kugwada, mawondo pa phula, manja akadali pa mabuleki. M'chifuwa mwake munatsala mpweya wochepa ngati madzi a pansi pa mtsuko. Anawerengera m'mutu malo otsala: nsanja, mjigo, tchalitchi, pakhomo. Anadziwa bwinobwino, mopanda womuuza, kuti wonyamula munthu uyu akadzatchula pakhomo, adzakhala atapereka wonse. M'mawa uja zikanatheka ndi mawu chabe, mwini wake akuyenda yekha. Tsopano mtengo wake unali utakwera.

Anakhala chogwada, kamvula kakumunyowetsa pakhosi. Sanaganize za imfa. Anaganiza za kamluzu kaja.

"Achimwene," anatero, liwu lililonse akulitola payekhapayekha, "pano ndi pa Chigongono. Ine mphamvu zandithera. Tsikani, mukhale pamwala apa."

Kaliyala sanasunthe.

"Sindikukutayani. Alamu anu adutsa pompano mawa m'mawa. Ndi amene anakusiyani, ndi amene akufikitseni. Miyendo ali nayo, mpweya ali nawo wambiri. Akusungira mawa lomwelo."

Chozizira chija chinali chikadali paphewa pake, chikudikira.

"Njinga yawo ilibe kaliyala," anawonjezera Esinala. "Mudzawakwere kumsana. Mudzagwire zolimba, asadzakugwetseni. Ndipo musadzatsike mpaka atanena kuti mwafika pakhomo."

Kaliyala analira kamodzi. Njinga inapepuka mwadzidzidzi mpaka anagwa nayo chammbali. Nsapato zinayenda pang'ono kulowera ku thanthwe, n'kusiya. Esinala anagona pomwepo akukoka mpweya ngati mwana wobadwa kumene, kenako anadzuka n'kukwera yekha, osatembenuka.

Anafika kumudzi nyimbo za maliro zitayamba. A Dizimoni ankamudikira pa masamba paja ndi tochi. Anaunika kaliyala, anaunika magazi pamsongolo pake.

"Wabwera naye?"

"Afika mawa, maliro asanatuluke m'nyumba."

"Abwera ndi ndani?"

Esinala anatsamiritsa njinga pamtengo. Mkuluyo anazimitsa tochi.

Kusanache, Yotamu anadzuka anthu ogona pa maliro akadali m'mabulangete. Anavala zothina zija m'kati, thalauza pamwamba kuti apongozi asaone. Esinala anamuphikira tiyi n'kumuwotchera mbatata.

"Ndamva unapitadi," anatero Yotamu akupemerera tiyi. "Unawapeza achimwene akowo?"

"Ndinawapeza."

"Ndiye nkhani yatha. Ndibwera asananyamule bokosi, palibe adziwe kuti ndinachoka." Anamugwira patsaya. "Usandikwiyire. Mwezi wamawa uzidzatunga madzi pa mpopi wa m'nyumba."

"Idyani mbatata yonse," anatero Esinala. "Chikweza n'chachitali."

Yotamu anatsika kudzera njira yachidule ya kumadimba, yomwe imatulukira pa mlatho osadutsa mumsewu, njinga ataipachika paphewa.

Zotsalazo anafotokoza a Kandulu, amene ankatsatira opalasawo pa galimoto. Ananyamukira pa mlatho dzuwa litangotuluka. Pa Mkuyu Yotamu anali pakati pa gulu. Pa Makala anali yekha patsogolo. Atalowa pa Chigongono, msana wake unapindika mwadzidzidzi ndipo tayala lakumbuyo linaphwatalala pa phula ngakhale silinaphulike. Anamuona akugwedeza phazi kuti alichotse pa pedulo, koma nsapato inakana. Anayesa linalo, inakananso. Njinga inayamba kubwerera chakuphompho. Pamenepo anamumva akukuwa kuti, "Alamu, pa Chigongono," ndipo njinga inayenda.

Anafika pa nsanja woyamba, anzake ali kutali. Anthu amene ankadikira pamenepo anamuombera m'manja, koma sanaime. Anatchula nsanjayo n'kukhotera njira ya kumudzi. Amayi otunga madzi anamumva akutchula mjigo. Pa tchalitchi mawu anali atasanduka kunong'ona, milomo itada, khosi litakhota ngati pali mkono wolikoleka.

Esinala anali m'nyumba ya maliro pamene galu uja analowa pabwalo akugwedeza mchira. Pambuyo pake panabwera njinga, pang'onopang'ono, anthu akupatuka. Inaima pakhomo penipeni. Yotamu anatsegula pakamwa, milomo inayenda, ndipo okhala pafupi okha ndi amene anamva. Kenako anagwa chammbali pamodzi ndi njingayo, mapazi akadali pa mapedulo. Anamuthira madzi, anamukupiza ndi zitenje, koma sanapumenso.

Amuna anaopa kumukhudza, choncho Esinala ndiye anagwada n'kumasula zingwe za nsapatozo, n'kutulutsa mapazi. Njinga anaipereka kwa a Kandulu, amene anaikweza m'galimoto. Zefaniya anaikidwa dzuwa lili pamutu, monga anakonzera. Pochoka kumanda, a Dizimoni anauza adzukulu kuti makasu asabweze kwa eni ake.